Nsalu ya mafunde ya ku Amarapura

Mkwatibwi wa ku Myanmar akatulukira atavala nsalu ya silika ya mizere yokhotakhota ngati mafunde, oitanidwa amadziwiratu kuti banjalo lapisa kwambiri m'thumba. Nsaluyi amaitcha luntaya acheik. Mawu oti luntaya amanena za timitengo 100 tokulungapo ulusi, ndipo sikukokomeza ayi: nsalu imodzi imatha kufuna timitengo tofika 200, kalikonse ndi ulusi wake.

Eni dziko amakonda kunena kuti mafundewo anatengera mtsinje wa Irrawaddy. N'zokoma kumva, koma mbiri ya manja amene ankawomba nsaluyi ndi yowawa. M'zaka za m'ma 1700, mfumu Alaungpaya ndi mwana wake Hsinbyushin, a banja lachifumu la Konbaung, anathira nkhondo dziko la Manipur, lomwe lero lili mbali ya India. Anagwira anthu ambirimbiri n'kupita nawo kwawo, ndipo m'gululo munali akatswiri owomba silika. Anthu a ku Burma (dzina lakale la Myanmar) ankawatcha Kathe. Ambiri mwa iwo anakhazikika ku Amarapura, mzinda umene mfumu Bodawpaya inamanga kukhala likulu mu 1783. Luso la ogwidwawo ndi limene linakuza ntchito ya silika mumzindawo.

Chodabwitsa n'chakuti wowombayo sankaloledwa kuivala. Acheik inali ya kunyumba yachifumu ndi nduna zake, ndipo malamulo ankanena amene ayenera kuvala chiyani. Zinasintha mu 1885, Angerezi atalanda Mandalay, likulu la ufumuwo panthawiyo, n'kuthamangitsira mfumu Thibaw ku India. Ufumu utatha, nsaluyo inatsikira kwa aliyense wokhala ndi ndalama. Mu 1914 ku Amarapura kunatsegulidwa sukulu yophunzitsa kuwomba, Saunders Weaving Institute.

Masiku ano m'misika mwadzaza nsalu zotchipa zodindidwa ndi makina, zamafunde omwewo, ndipo ukaziona patali sungasiyanitse. Yeniyeni imatenga mwezi kapena kuposerapo. Amayi awiri kapena atatu amakhala pa chowombera chimodzi, phewa ndi phewa, aliyense akulowetsa timitengo ta mbali yake, ulusi umodzi umodzi. Mbali imene amayang'ana ndi kuseri kwa nsalu, komwe kuli mfundo ndi nsonga za ulusi. Akafuna kuona ngati mafunde akuyenda bwino, amalowetsa kagalasi pansi pa nsaluyo.