Galu wolandira kwa ena: kodi dzina lake lisinthe?

Mwezi watha mayi wina wa ku Kapata anabwera ndi galu amene anatenga kumudzi ku Katete amalume awo atamwalira. Nditafunsa dzina loti ndilembe pa khadi, anayang'ana uku ndi uku n'kunong'ona kuti, "Amandida." Malemuwo anamutcha choncho pofuna kulasa mnzawo amene ankalimbirana naye malire a munda. Kwathu kuno dzina la galu nthawi zina ndi mkuluwiko wopita kwa anthu. Tsono mayiwa ankaopa kuti akamamuitana madzulo, oyandikana nawo aziti akunena iwo.

"Adokotala, n'zotheka kusintha?"

N'zotheka ndithu. Galu samva tanthauzo la dzina, amangogwira kamvekedwe kake ndi zimene zimabwera pambuyo pake. Sankhani dzina lalifupi, ngati Bobi kapena Simba, losafanana ndi la mwana wa pakhomopo. Litchuleni kamodzi kokha. Akangocheuka, mponyereni kapenta kapena kachidutswa ka mkute nthawi yomweyo, osati atapita kale kukanunkhiza kudzala. Teroni kangapo pa tsiku, ndipo agalu ambiri amazolowera pasanathe masabata awiri. Chimene chimasokoneza ndi ana: wina akuti Taiga, wina Simba, agogo akungoti "iwe galu". Gwirizanani pa dzina limodzi.

Pali galu amene ine ndimachita kuumiriza kuti asinthidwe dzina. Mukamuitana, amapinda mchira, makutu n'kugwa, n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe. Ameneyo ankaitanidwa kuti amenyedwe. Dzinalo linaipa kale m'makutu mwake, litayeni. Latsopanolo musalitchule pomukalipira.

Koma galu wokalamba, wa zaka 10 kapena kuposa, amene wataya mbuye wake ndi khomo lomwe, ndimakonda kumusiyira lake. Osati kuti sangaphunzire, amaphunzira, koma zachilendo zamuchulukira kale. Ngati dzinalo likukuchititsani manyazi, lifupikitseni. Wa mayi aja tinangomutcha Manda... ayi, tinaseka tonse titamva mmene zamvekera, mpaka tinagwirizana pa Dida.

Musaiwale khadi la katemera wa chiwewe. Pitani nalo ku ofesi ya za ziweto akalembepo dzina latsopano ndi lanu. Galuyo akadzaluma munthu, khadilo ndi limene lidzafunsidwe, ndipo dzina losiyana limabweretsa mkangano. Ngati anabwera wopanda khadi, tingoyambiranso katemera.