Mmene Nyemba, Anyezi ndi Kabichi Zingakomere Popanda Kuwonjezera Ndalama

Pa zaka zimene ndakhala ndikuphunzitsa anthu kuphika, dandaulo limene ndalimva kwambiri kwa amene ndalama zawo ndi zowerengeka ndi lakuti chakudya chawakola. Sanena kuti akugona ndi njala, koma kuti nyemba zomwezo, mpunga womwewo ndi kabichi yemweyo zafika poti ana amangolawa pang'ono n'kukankha mbale. Pafupifupi onse amakhulupirira kuti vutoli likanatha akanakhala ndi ndalama zogulira nyama kapena zokometsera za m'mapaketi. Ine ndisanayankhe ndimayamba ndafunsa kuti anyezi amamukazinga nthawi yaitali bwanji, ndipo yankho limakhala lakuti mphindi imodzi kapena ziwiri, kenako amathira tomato ndi madzi. Pamenepo m'pamene pamatayikira kukoma kochuluka kumene munthu analipira kale pogula anyeziyo.

M'chaka cha 1912, katswiri wa sayansi wa ku France, Louis-Camille Maillard, anafotokoza zimene zimachitika shuga ndi tizigawo ta mapuloteni zikatenthedwa pamodzi. Zimasintha mtundu n'kukhala zofiirira, ndipo pamapangika tinthu tambirimbiri tonunkhira timene munalibe m'chakudyacho chili chachiwisi. Fungo la buledi amene wangotuluka mu uvuni, la nyama yowotcha ndi la khofi wokazinga limachokera kumeneko. Kusinthaku kumafulumira kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 140, pamene madzi mumphika wamba amawira pa madigiri 100 ndipo sangapitirire pamenepo ngakhale musonkhezere moto chotani. Choncho pamene pali madzi ambiri, chakudya chimangopsa koma sichifiira. Anyezi mwiniwake ndi wodzaza madzi, motero amafunika mphindi 10 mpaka 15 pamoto wapakatikati kuti madziwo atuluke ngati nthunzi, shuga wake aundane, iye afewe ndi kufiirira. Kamchere kochepa kowaza poyambirira kamathandiza kukoka madziwo msanga. Mukathira tomato nthawi isanakwane, mwazimitsa ntchito yonseyo, chifukwa mwabweza madzi amene mumafuna kuchotsa.

Lamulo lomweli limagwira pa china chilichonse chimene mukufuna kuti chifiire. Mbatatesi, bowa, karoti kapena tizidutswa ta nyama zikathithikana m'chiwaya chimodzi, nthunzi imasowa pothawira ndipo zimayamba kuwira m'madzi awoawo. Ndi bwino kukazinga kawiri pang'onopang'ono, kuumitsa chinthucho musanachiike m'mafuta, ndi kuchileka osachitembenuza mpaka mbali imodzi itafiira. Ndikudziwa kuti moto nawonso ndi ndalama, ndipo amene amawerengera gasi kapena magetsi angaone ngati mphindi 15 za anyezi n'kuwononga. Koma mukhoza kukazinga anyezi wambiri kamodzi n'kumagawa pa zophika za tsiku lonse, ndipo moto umene mwawonjezera mudzaubweza pa nyemba ngati mwaziviika usiku, chifukwa zimapsa msanga.

Tomato nayenso amafuna nthawi yake. M'chaka cha 1908, Kikunae Ikeda, mphunzitsi wa sayansi pa yunivesite ya ku Tokyo, anapeza kuti msuzi wa ndere zina za m'nyanja umakoma chifukwa cha chinthu chotchedwa glutamate, ndipo kakomedwe kameneka anakatcha umami. Lero kamawerengedwa pamodzi ndi kutsekemera, kukolera mchere, kuwawasa ndi kuwawa monga mitundu isanu ya kakomedwe imene lilime limazindikira. Ndi kakomedwe kamene kamapangitsa msuzi kumveka ngati muli nyama. Tomato wakupsa bwino ali ndi glutamate wambiri, ndipo mukamuphika mpaka ataphwanyika, madzi atachepa, mafuta atayamba kuonekera m'mbali mwa mphika, ndiye kuti glutamate ujayo waundana. N'chifukwa chake tomato wofewa amene ogulitsa amatsitsa mtengo, malinga ngati sanawole kapena kuchita nkhungu, amaposa wolimba wooneka bwino pa nkhani ya msuzi. Bowa wouma ndi nsomba zouma zili ndi tinthu tina timene tikakumana ndi glutamate timachulukitsa kakomedweka kwambiri, kotero kuti kadzanja kochepa kosinja kamakwanira mphika wonse wa banja. Mafupa owiritsa nthawi yaitali amapereka msuzi wokhathamira umene mungaphikire mpunga kapena nyemba m'malo mwa madzi okha.

Za timibulu ta m'mapaketi tokometsera msuzi ndinene mwachidule. Glutamate amene amaikidwa m'timibulu tambiri ndi yemweyo amene ali mu tomato, ndipo sindimationa ngati poizoni. Chimene sinditikondera n'chakuti gawo lalikulu la kulemera kwake ndi mchere, ndiponso kuti tikamalowa mumphika uliwonse, nyemba, kabichi ndi mpunga zonse zimayamba kumveka chimodzimodzi, ndipo kukola kuja kumangowonjezeka.

Mukatha kukazinga, pansi pa mphika pamatsala zofiirira zomatirira. Ngati sizinade n'kupserera, zimenezo ndi kukoma kwenikweni kumene ambiri amakakutaya potsuka. Thirani madzi pang'ono mphika uli wotentha, palani pansipo ndi mthiko mpaka zonse zitasungunuka, ndipo mudzaona msuzi ukusintha mtundu pomwepo.

Mchere ndi chokometsera chotchipa kuposa zonse, koma umafuna nzeru. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, amene ndi pafupifupi supuni yaing'ono imodzi, chifukwa mchere wambiri umakweza kuthamanga kwa magazi. Njira yoti wochepawo ukwanire ndiyo kuuthira pang'onopang'ono pamene mukuphika, kuti ulowe m'kati mwa chakudya, m'malo mouwaza wonse pamwamba chakudya chili kale m'mbale. Mchere umabisanso kuwawa kwa masamba. Pali chikhulupiriro chofala m'mayiko ambiri chakuti mchere umalimbitsa nyemba, koma kunena zoona nyemba zoviikidwa m'madzi a mchere pang'ono zimafewa bwino khungu. Chimene chimazichedwetsa kupsa ndi zowawasa, monga tomato, mandimu ndi viniga, komanso kukhalitsa kwa nyembazo. Choncho msuzi wa tomato uzikumana ndi nyemba zitafewa kale.

Zowawasazo ndizo zimene ophika ambiri a pakhomo amaziiwala, ndipo ine ndimaziona kuti ndi zimene zimasintha chakudya mofulumira kuposa china chilichonse. Nthawi zambiri munthu akalawa n'kuona kuti chinachake chikusowa, amathamangira mchere, pamene chosowacho ndi madontho ochepa a mandimu kapena theka la supuni ya viniga. Nyemba, mphodza ndi mbatatesi ndi zakudya zolemera m'kamwa, ndipo kuwawasa pang'ono kumazipeputsa n'kuchititsa kuti anyezi, tsabola ndi mchere umene ulimo kale zimveke bwino. Mandimu athiridwe mphika utaphulidwa, chifukwa fungo lake limathawa ndi moto. Palinso phindu la m'thupi: vitamini C wa m'mandimu amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, amene payekha amalowa movutikira poyerekeza ndi wa mu nyama. Amene akukayika agawe nyemba zake m'mbale ziwiri, afinyire ndimu m'mbale imodzi yokha, alawe zonse ziwiri.

Tikafika pa zonunkhiritsa, n'kofunika kukumbukira kuti zambiri zimene timati kukoma zimamveka ndi mphuno, ndipo n'chifukwa chake munthu wodwala chimfine amati chakudya chilichonse n'chozizira. Tinthu tambiri tonunkhira ta mu tsabola, jinja, kale (ufa wa curry) ndi zokometsera zina timasungunuka bwino m'mafuta kuposa m'madzi. Supuni ya ufa wa kale yothiridwa mumsuzi wowira imamveka ngati fumbi, pamene supuni yomweyo yokazingidwa m'mafuta otentha kwa theka la mphindi, anyezi atafiira koma tomato asanalowe, imanunkhiritsa mphika wonse. Adyo amatulutsa ukali wake akaphwanyidwa, ndipo akasinjidwa kwambiri amakalipanso kwambiri, koma amapserera msanga n'kuwawa, motero alowe anyezi atatsala pang'ono kupsa. Zokometsera zopera zimataya fungo pakapita miyezi, makamaka zikakhala pafupi ndi moto kapena padzuwa, pamene zanjere zimakhalitsa. Kwa amene ndalama ndi zochepa, langizo langa ndi lakuti agule chimodzi chokha pa nthawi, pang'ono, achiphunzire bwino, m'malo mosonkhanitsa timabotolo tambiri timene tidzasukuluka tisanathe. Mafuta enieniwo safunika ambiri. Chofunika ndi kuwagwiritsa ntchito poyambirira, pamene angathe kunyamula fungo.

Tsopano ku nkhani ya kukola ija. M'chaka cha 1981, Barbara Rolls ndi anzake a ku yunivesite ya Oxford anasonyeza kuti munthu akamadya chinthu chimodzi, kukoma kwa chinthucho kumatsika m'kamwa mwake pamene chilakolako cha zakudya zina chidakalipo. Pambuyo pake anapezanso kuti ngakhale kusintha maonekedwe okha a chakudya kumachititsa anthu kudya mowonjezera. Kwa wophika, phunziro lake ndi lakuti kamwa limatopa ndi kamvekedwe ndi maonekedwe a chakudya, osati dzina lake lokha. Mphika umodzi wa nyemba zowiritsa ndi mchere wokha ungathe kubereka zakudya zitatu zosiyana. Gawo loyamba liphikidwe mumsuzi wa anyezi ndi tomato, ndipo nyemba zina muziphwanye ndi mthiko kuti msuziwo ulimbe popanda kuwonjezera kanthu. Gawo lachiwiri likhetsedwe madzi, likazingidwe ndi adyo ndi tsabola mpaka khungu litayamba kukhamuka. Lachitatu lidyedwe lozizira, losakaniza ndi anyezi wamuwisi wodula mopyapyala, mandimu ndi madontho a mafuta. Madzi owiritsira aja asatayidwe, chifukwa ndi msuzi kale. Chenjezo limodzi pano: nyemba zofiira zikuluzikulu ziyenera kuwira mwamphamvu kwa mphindi zosachepera 10 musanachepetse moto, popeza zili ndi chinthu chimene chimadwalitsa m'mimba ngati sichinaphedwe ndi kutentha kokwanira.

Kabichi ndi amene amavutika kwambiri m'manja mwathu. Fungo loipa limene anthu amamudera limabwera akaphikidwa nthawi yaitali, pamene tinthu ta sulufule timene ali nato timasweka n'kutuluka. Wodulidwa mopyapyala n'kukazingidwa pamoto waukulu kwa mphindi zinayi kapena zisanu amatsekemera ndipo amakhalabe wokhamuka. Wodulidwa m'zigawo zikuluzikulu n'kusiyidwa m'chiwaya mpaka m'mbali mutafiira amamveka ngati ndi masamba ena ndithu. Wamuwisi, wowazidwa mchere, wofinyidwa ndi manja ndi kuthiridwa viniga, amakhala chowawasa chija chimene mbale ya nyemba ndi mpunga imafuna pambali pake. Mtima wake wolimba ndi masamba akunja, pamodzi ndi mitu ya karoti ndi zotsala za anyezi zotsukidwa bwino, zikawiritsidwa theka la ola zimapereka madzi okoma ophikira.

Mazira awiri sakwanira anthu asanu akawiritsidwa, koma akamenyedwa n'kusakanizidwa ndi mbatatesi, anyezi wofiirira ndi kabichi, aliyense amapeza gawo lake. Mpunga nawo umasintha kwambiri mukayamba mwaukazinga wouma m'mafuta pang'ono kwa mphindi ziwiri musanathire madzi, chifukwa njere zake zimatenga fungo longa la mtedza wokazinga ndipo sizimatirirana. Wotsala dzulo ndi umene umakazingika bwino ndi dzira ndi masamba, popeza umakhala utauma pang'ono, koma pamenepa pafunika kusamala. Mumpunga mumakhala tizilombo totchedwa Bacillus cereus, timene mbewu zake sizifa pophika, ndipo mpunga ukakhala wofunda kwa maola ambiri timachulukana n'kutulutsa poizoni amene kutenthetsanso sikumuchotsa. Wotsala uyalidwe m'mbale yotakata kuti uzizire msanga, ulowe mufiriji pasanathe ola limodzi kapena awiri, ndipo udyedwe tsiku lotsatira utatenthetsedwa mpaka nthunzi itatuluka paliponse. Kumene kulibe firiji, ndi bwino kuphika mpunga wongokwanira chakudya chimodzi, ndipo wofuna kukazinga auphike tsiku lomwelo ndi madzi ochepa, auyale kuti nthunzi ituluke kwa mphindi zingapo, kenako auike m'chiwaya.