Msika wa Warwick Junction: momwe unapulumukira ku magalimoto ogumula

Munthu akatsika sitima pa siteshoni ya Berea Road mumzinda wa Durban ku South Africa, sangayende mapazi khumi asanakumane ndi wogulitsa malonda. Malowa amatchedwa Warwick Junction, mphambano imene njanji, mabasi ndi maminibasi zimakumanirana. Anthu pafupifupi 460,000 amadutsa pamenepa tsiku lililonse, ndipo mavenda masauzande angapo amapezera chakudya pa chikhamu chimenechi. Mu 2009 khonsolo ya mzindawu inafuna kugumula msika wakale kwambiri pamalowa kuti pamangidwe chinyumba cha masitolo amakono. Mkangano umene unabuka unatenga zaka ziwiri, koma gwero lake ndi lakale ndithu.

Kuyambira 1860, atsamunda ankabweretsa Amwenye ku Natal, chigawo chimene muli Durban, kudzagwira ntchito m'minda ya nzimbe. Ambiri atatha zaka zawo za mgwirizano sanabwerere kwawo. Anayamba kulima ndiwo zamasamba ndi zipatso m'mphepete mwa mzinda. Pofika 1910 ankaima ndi ngolo zawo mu Victoria Street m'bandakucha, n'kumagulitsa dzuwa lisanakwere. Azungu anadandaula kuti msewu ukuda komanso ukuthina, choncho mu 1934 khonsolo inawasamutsira mu Warwick Avenue, m'nyumba imene mpaka lero imatchedwa Early Morning Market, kutanthauza msika wa m'mamawa. Ndiye kuti msikawu unabadwa chifukwa cha kusamutsidwa komwe.

Anthu akuda ndiwo analiona tsoka kwambiri. Mu ulamuliro wa tsankho, kugulitsa mumsewu mkati mwa mzinda kunali mlandu. Ngakhale pamene malamulo anafewako m'zaka za m'ma 1970, venda ankaloledwa kuima pamalo amodzi kwa mphindi 15 zokha, kenako asunthe. Tangoganizani mayi ali ndi dengu la malalanje pamutu, diso limodzi kwa wogula, lina kwa wapolisi. Lamulo la zamalonda la 1991 litamasula zinthu, anthu anakhamukira ku Warwick ngati madzi osefukira. Panalibe zimbudzi zokwanira, madzi, kapena posungira katundu. Zinyalala zinachuluka, akuba nawo anapezerapo mwayi, ndipo anthu ambiri a mumzindawu anayamba kuwaopa malowa.

Chimene khonsolo inachita chapakati pa zaka za m'ma 1990 n'chimene chimapangitsa mbiri imeneyi kukhala yosiyana ndi za mizinda ina. M'malo motumiza apolisi, inatsegula ofesi pakati penipeni pa msika, m'nyumba yakale yosungiramo katundu. Ogwira ntchito m'menemo, kuphatikizapo katswiri wojambula mapulani a nyumba Richard Dobson ndi Patrick Ndlovu, ankayamba afunsa kaye eni malonda asanajambule kalikonse.

Taonani za ogulitsa mankhwala azitsamba. Ambiri anali amayi ochokera kumidzi, amene ankayala makungwa, mizu ndi masamba m'mbali mwa msewu, usiku n'kugona pompo atafunda mapulasitiki poopa kuberedwa. Pamwamba pa njanji panali milatho ya msewu waukulu umene unasiyidwa osamalizidwa, ili phee popanda galimoto. Wina anaona kuti konkire imeneyi ndi msika wongodikira denga. Anaikapo mithunzi, madzi, zimbudzi ndi tizipinda ta asing'anga, n'kulumikiza milathoyo ndi njira za anthu oyenda pansi kuti ogula azidutsa pakati pa malondawo. Mfundo yomalizayi ndi imene okonza mizinda ambiri amaiphonya. Venda samagulitsa chifukwa benchi yake ndi yokongola. Amagulitsa chifukwa munthu wothamangira basi wadutsa pafupi. Mukamusunthira kuseri kwa nyumba, ngakhale mamita 50 okha, mwamulanda malonda ngakhale mutamupatsa denga la malata atsopano.

Amayi ophika mitu ya ng'ombe nawo anali ndi vuto lawo. Ankaphikira pamoto m'mbali mwa msewu, mafuta n'kumatseka ngalande za mzinda. Achipatala akanatha kungowaletsa. Koma anawamangira malo ophikira ndi odyera, okhala ndi ngalande zogwira mafutawo. Mu 2001 khonsolo inakhazikitsa ndondomeko yovomereza kuti malonda ang'onoang'ono ndi mbali ya chuma cha mzinda, ndipo akatswiri a m'mayiko ena ankabwera kudzaphunzira ku Warwick.

Nanga zinatembenuka bwanji? South Africa inali kukonzekera mpikisano wa mpira wa dziko lonse wa 2010, ndipo Durban inali m'gulu la mizinda yochitikira masewerawo. Kumayambiriro kwa 2009 mavenda anamva kuti khonsolo ya eThekwini, imene imayendetsa mzinda wa Durban, ikubwereketsa malo a Early Morning Market kwa kampani ina kuti imangepo chinyumba cha masitolo cha ndalama pafupifupi R400 miliyoni. Akuluakulu a mzinda, pansi pa mkulu woyendetsa khonsolo Michael Sutcliffe, ankati ntchitoyi ichepetsa ngozi za pamsewu, ikonza malo okwerera maminibasi, ndipo ibweretsa ntchito. Vuto la ngozi linalipo ndithu, sitingakane. Koma kampaniyo inkafuna chomwe mavenda anali nacho kale: anthu 460,000 aja.

Msikawu uli ndi mabenchi mazana angapo, koma odalira pamenepo ndi ochuluka kuposa apo. Mavenda a m'misewu amapikula ndiwo ndi zipatso m'menemo. Anyamata okankha ngolo amanyamula katunduyo kupita naye m'makona onse a mzinda. Alimi ang'onoang'ono amagulitsira pompo. Sitolo yaikulu ikalowa, imabwera ndi malole ake kuchokera ku mafamu akuluakulu, ndipo unyolo wonsewu umaduka.

Ogulitsa anakana kuchoka. Anachita zionetsero, ena anagona mumsika momwemo, ndipo pakati pa chakacho apolisi a mzinda anawabalalitsa ndi zipolopolo za mphira. Amwenye ndi anthu akuda, amene ulamuliro wa tsankho unkawagawanitsa dala, anaima pamodzi. Mabungwe a apantchito ndi aphunzitsi a m'mayunivesite anawathandiza, pomwe maloya a bungwe la Legal Resources Centre anakatula nkhaniyi kukhoti. Dobson ndi Ndlovu panthawiyi anali atachoka kale kukhonsolo n'kuyambitsa bungwe lawo la Asiye eTafuleni mu 2008, ndipo tsopano anali mbali ya mavenda. Chodabwitsa n'chakuti khoma lakale la msikawo nalo linathandiza: nyumba yopitirira zaka 60 singagumulidwe popanda chilolezo, ndipo bungwe losamalira zinthu zakale m'chigawocho, Amafa, linakana kupereka chilolezocho.

Mpira unabwera n'kupita, chinyumba cha masitolo chisanayambe n'komwe. Mu 2011 khonsolo inathetsa chigamulo chake chobwereketsa malowo. Komabe kulimbana ndi apolisi sikunathere pomwepo. Mu 2015 khoti lalikulu ku Durban linagamula mlandu wa venda wina wogulitsa nsapato amene katundu wake analandidwa atangochokapo pang'ono pa benchi yake, ndipo linati kulanda koteroko kunali kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Nsapatozo sanazionenso; khoti linalamula kuti alipiridwe ndalama zake.