Satifiketi yachidule yophunzitsira Chingerezi: ndani anakuonererani m'kalasi?

Pa Facebook pamayenda malonda a satifiketi ya TEFL. Amati lipirani, muwerenge pa foni milungu ingapo, basi mwasanduka mphunzitsi wa Chingerezi woti n'kulembedwa ntchito kulikonse. Ena amati zonsezi ndi utambwali, mphunzitsi weniweni ndi wodzera ku TTC kapena ku Domasi. Ena amati woyankhula Chingerezi chothyakuka safunikanso kusulidwa. Kwa ine amene ntchito yanga ndi yosula aphunzitsi, onsewa akuphonya pamene pagona nkhani.

Choyamba, TEFL si dzina la sukulu kapena la bungwe. Ndi chidule chabe cha mawu otanthauza kuphunzitsa Chingerezi kwa anthu achilankhulo china, ndipo aliyense angathe kusindikiza pepala lolembedwa choncho. Komabe si onse achinyengo. Satifiketi ya CELTA, ya ku Cambridge, imatenga maola pafupifupi 120, ndipo ena amaimaliza m'mwezi umodzi. Imalemekezedwa chifukwa wophunzira amaima pamaso pa ophunzira enieni kwa maola 6, womusula ali pambali kulemba zolakwa zake, kenako n'kukambirana naye. Maola 6 ndi ochepa, inde, koma masatifiketi ambiri otsika mtengo a pa intaneti alibe ngakhale ola limodzi lotere.

Ife Amalawi njira yachiduleyi tinailawapo kale. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulayimale mu 1994, ana anakhamukira kusukulu, kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni. Analembedwa aphunzitsi zikwizikwi osasulidwa, ambiri a JCE yokha. Kuyambira mu 1997 anawalowetsa mu pulogalamu ya MIITEP: miyezi itatu ku koleji, kenako miyezi pafupifupi 20 akuphunzitsa kusukulu kwawo uku akuwerenga mabuku paokha. Papepala dongosololi linali labwino. Linatsimphina poti aphunzitsi a ku koleji sankafika kawirikawiri kukawaonerera, ndipo ahedi, omwe ankayenera kuwathandiza, anali ndi makalasi awoawo odzaza. Amene anapeza wowawongolera anatuluka aphunzitsi okhwima, ndipo ena mwa iwo anadzakhala ahedi.

Pa Chingerezi kuonereredwa n'kofunika kwambiri chifukwa zolakwa zake mwini wake sazimva. Mphunzitsi amayankhula yekha phunziro lonse, ana akungovomera "Yes, teacher", iye n'kumaganiza kuti amva. Amalemba malamulo a galamala pa bolodi mpaka choko kutha, koma palibe mwana amene wapanga chiganizo chakechake. Mwana wa ku Ntcheu akasokoneza l ndi r, si ulesi, n'chifukwa choti m'Chichewa kusiyanako sikusintha tanthauzo. Mzungu wa ku London wosasulidwa sangadziwe poyambira, pamene mphunzitsi woyankhula Chichewa ali kale ndi mwayi pamenepa. Ndipo tisaiwale kuti wolephera Chingerezi salandira satifiketi ya MSCE.

Kwa ofuna kukagwira ntchito kunja, pepala la TEFL silitsegula makomo onse. South Korea, mwachitsanzo, imapereka visa yophunzitsira Chingerezi makamaka kwa nzika za mayiko 7. South Africa ilimo, Malawi mulibe. Kuno kumudzi, wadigiri wopanda maphunziro a uphunzitsi amene akufuna kukhazikika ku sekondale angachite bwino kufunsa ku yunivesite za satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa UCE. Musanatumize ndalama kwa wogulitsa TEFL, mufunseni kuti mudzaphunzitsa ophunzira enieni maola angati, ndipo adzakuonererani ndani.