Sukulu ya mishoni si ya ana a mpingo umodzi

Kuno ku Chigwa cha Shire, kuchokera ku Chikwawa mpaka ku Nsanje, makolo ena amalambalala sukulu ya mishoni yomwe ili pafupi n'kukalembetsa mwana kutali, ati poti sapemphera mpingo umenewo, kapena poopa fizi. Zimandipweteka kuona kamwana ka Sitandade 1 kakuyenda mtunda wautali pa dzuwa la Okutobala, mchenga ukuotcha kumapazi, chifukwa cha mantha opanda maziko.

Sukulu zambiri za pulayimale za Akatolika, CCAP ndi mipingo ina zimayenda mogwirizana ndi boma. Malo ndi a mpingo, koma aphunzitsi amalandira malipiro kuboma, silabasi ndi yomweyo yochokera ku Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo mayeso a Sitandade 8 ndi a MANEB. Maphunziro aulere a pulayimale omwe adayamba mu 1994 amakhudzanso sukuluzi; zolipiritsa fizi ndi zapulayiveti.

Inde, pa asembule pamakhala pemphero ndi nyimbo, ndipo abusa kapena ansembe amabwera kudzalangiza ana ndi aphunzitsi. Koma polembetsa safuna chiphaso cha ubatizo, ndipo mwana wa mpingo wina amakhala m'kalasi limodzi ndi anzake.