Mbalame yosowa sitsimikizidwa ndi chithunzi chokha

Ambiri okonda kuyang'ana mbalame kuno kum'mawa kwa Zambia amakhulupirira kuti ukaona mbalame yosowa ulibe kamera yodula, palibe angakukhulupirire. Maganizo amenewa atitayitsa zambiri, chifukwa anthu a ku Mfuwe ndi midzi yozungulira Chipata, odziwa tchire kuposa alendo, amangokhala chete.

Makamera asanachuluke, bungwe la Zambian Ornithological Society, lomwe linayamba mu 1969 ndipo lero limatchedwa BirdWatch Zambia, linkadalira malipoti olembedwa. Masiku ano pa eBird, tsamba la pa intaneti lolembapo mbalame zimene mwaona, limene linayamba mu 2002 ku yunivesite ya Cornell ku America, mukalemba mbalame yosayembekezeka m'dera lanu, kompyuta imaikapo chizindikiro ndipo katswiri amaunika lipotilo. Iye amafuna tsatanetsatane: tsiku, malo enieni, kukula kwake poyerekeza ndi njiwa kapena mpheta, mlomo wake, kulira kwake, komanso chimene chikuisiyanitsa ndi inzake yofanana nayo. Lembani pomwepo musanatsegule buku la mbalame, pakuti maso akangoona chojambula m'buku, mutu umayamba kukumbukira zimene simunaone.

Taganizirani za African Pitta, imene imafika m'chigwa cha Luangwa mvula ikamayamba. Imabisala m'zitsamba zowirira, ndipo kawirikawiri imamveka isanaoneke. Kulira kwake kojambulidwa pa foni wamba ndi umboni wamphamvu kuposa chithunzi cha mbuu chojambulidwa patali. Chithunzi chabwino chimathandizadi, koma nachonso chimafunika tsiku ndi malo, apo ayi wounika alibe pogwira.