Kadzidzi akaikira m'bokosi la kuseri kwa nyumba, mumujambule chonchi

Kuno ku Britain anthu ambiri amakhomera bokosi lamatabwa mumtengo wa kuseri kwa nyumba kuti kadzidzi adzaikiremo mazira. Kwathu munthu wotere angamuyang'ane kawiri, poti kadzidzi akalira padenga ena amati akulosera maliro. Koma kuno mitengo ikuluikulu yamphako inachepa, ndiye bokosi limalowa m'malo mwa mphako. Amene amakonda kulowamo ndi kadzidzi wofiirira wa maso akuda bii, tawny owl. Akangolowa, mwini nyumba mtima umakhala m'mwamba kufuna chithunzi, ndipo ife ojambula mbalame timafunsidwa kuti ayambire pati.

Choyamba, makwerero asiyeni pomwe ali. Kadzidziyu nthawi zambiri amaikira mu Marichi, mazira awiri kapena atatu, ndipo wamkazi amawakhalira pafupifupi masiku 30 kwinaku wamwamuna akumubweretsera mbewa. Mukamusuzumira m'masiku oyambirira amenewa akhoza kuwathawa mazirawo osabwereranso. Ana akaswa, vuto limatembenukira kwa inu. Mayiyo amauluka mwakachetechete, simumumva akubwera, ndipo amalunjika kumutu. Eric Hosking, katswiri wojambula mbalame wa ku England, anataya diso lakumanzere mu 1937 ku Wales, kadzidzi wa mtundu womwewu atamukhadzula ndi chikhadabo pafupi ndi chisa. Ngati mukufuna kuona za m'kati mwa bokosi, ikanimo kakamera ka infrared, kotha kuona mumdima, miyezi yozizira isanathe, kadzidziyo asanabwere. Kuwala kwake sikumusokoneza.

Palinso lamulo. Wildlife and Countryside Act ya 1981 imaletsa kuwononga chisa chomwe mbalame ikugwiritsa ntchito. Kadzidzi wa nkhope yoyera, barn owl, amene timamuonanso ku Malawi, amatetezedwa koposa: kumusokoneza pachisa popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale mutangofuna chithunzi.

Ntchito yeniyeni imachitikira patali. Ine ndimakonda zenera la chipinda chapamwamba chifukwa limandifikitsa pamlingo umodzi ndi khomo la bokosi. Mukajambula muli pansi mumangotenga kukhosi kwa mbalame ndi thambo loyera mbee. Zimitsani nyale ya m'chipindamo, tsegulani zenera dzuwa lisanalowe, kamera muikhazike pa tripod (choimikira cha miyendo itatu), lenzi ikhale yoonera patali, ya 400mm kapena kuposa. Kenako khalani phee. Ngati kamera yanu imatha kujambula popanda phokoso, itcheni choncho, chifukwa makutu a kadzidzi amamva ngakhale mbewa ikuyenda m'masamba ouma.

Nthawi yabwino ndi chisisira. Wamkazi amasuzumira pakhomo, maso ali otsinzina pang'ono, n'kukhala pamenepo osagwedezeka. Khalidwe limeneli ndilo limatipulumutsa. Popeza sasuntha, mutha kutsitsa liwiro la shutter (kachitseko kolowetsa kuwala mu kamera) kufika pa 1/60 ya sekondi, ngakhale 1/30, lenzi mutaitsegula kotheratu, ISO (mlingo wa mmene kamera imamvera kuwala) ili pa 3200 kapena 6400. Musaope timadontho timene timabwera ndi ISO yokwera. Timachotsedwa pa kompyuta, pomwe chithunzi chogwedezeka sichikonzeka. Jambulani zingapo motsatizana, chimodzi chidzatuluka chakuthwa. Ndipo lunjikani pa diso. Maso a kadzidziyu ndi akuda kwambiri moti akapanda kunyezimira, chithunzi chimaoneka ngati cha chidole. Dikirani atembenuzire nkhope kumadzulo, kumene kudakali kuwala, kadontho kowala kaoneke m'diso, ndiye mudine. Kumugwira akuuluka n'kovuta, pamafunika shutter ya 1/1000 kapena yothamanga kuposa apo, ndipo mdima sulola zimenezo kawirikawiri.

Flash pachisa ine sindigwiritsa ntchito. Ojambula anzanga timatsutsana pankhaniyi, koma taganizirani kadzidzi wamwamuna amene akutera ndi mbewa kukamwa, ana ali ndi njala, inu n'kumuthwanimitsira kuwala kumaso. Akachita mantha n'kubwerera, usiku umenewo chakudya chachepa. N'chimodzimodzinso kuliza mawu a kadzidzi pafoni kuti atuluke: amaganiza kuti mnzake walowerera dera lake, n'kusiya kusaka kuti akamuthamangitse.

Zithunzi zokoma zimabwera ana akakwanitsa pafupifupi milungu inayi. Amatuluka m'bokosi asanadziwe kuuluka, thupi lonse lili ubweya wotuwa, n'kumakhala panthambi akuzunguliza mutu kukuyang'anitsitsani. Apa mutha kuwajambula ngakhale masana. Wina amagwa pansi, ndipo anthu achifundo amathamangira kumutola poyesa wamasiye. Si wamasiye ayi. Makolo ake ali pafupi, amapitiriza kumudyetsa kwa miyezi iwiri kapena itatu, ndipo iye amatha kukweranso mtengo ndi mlomo ndi zikhadabo. Tsekerani galu ndi mphaka m'nyumba basi. Akakhala pamsewu kapena pamalo oopsa, musunthireni panthambi yapafupi mutavala magalasi oteteza maso, muchokepo msanga.

Ndipo m'nyumba imene ili ndi bokosi lotere musathiremo mankhwala a makoswe. Khoswe wodya poizoni safa pompo, amayenda mofooka kwa masiku angapo, ndipo ndi amene kadzidzi amamugwira mosavuta n'kukapatsa ana ake.